Kujambula munthu mwachangu: yambani ndi zimene thupi likuchita, muyeso ubwere pambuyo

Aliyense amene wayesapo kujambula munthu m'masekondi 30 amawadziwa mavuto awiri amene amasinthana papepala. Lero munthu wanu watuluka ndi ziwalo zoyezeka bwino, mutu si waukulu, miyendo si yaifupi, koma wauma gwa, osaoneka ngati angasunthe. Mawa mwamasula dzanja, chithunzi chili ndi moyo, koma mkono wafika m'mawondo ndipo mapazi asowa malo kumunsi kwa pepala. Ambiri akaona zimenezi amati mankhwala ake n'kujambula zithunzi zochuluka. Kuchuluka kumathandizadi, koma pakokha sikuchiza. Dzanja limene lazolowera kufupikitsa miyendo lidzafupikitsa ya munthu wa nambala 500 monga linachitira ndi woyamba.

Ntchito zilipo ziwiri, ndipo sizigwiridwa nthawi imodzi. Yoyamba ndi kugwira zimene thupi likuchita: kuwerama, kukoka, kutsamira, kusenza. Yachiwiri ndi kuona ngati ziwalo zikugwirizana kukula kwake. Yoyamba imafuna liwiro ndi dzanja lomasuka, yachiwiri imafuna kudekha. Njira imene ndikufotokoza pano imatsogoza yoyamba, yachiwiri n'kutsatira, ndipo pakati pake pali zizindikiro zochepa zimene zimasunga muyeso pamene dzanja likuthamanga.

1. Konzani zida ndi pokhala

Pepala likhale lotchipa, lalikulu ngati n'kotheka: A3, mapepala a flip chart, ngakhale a A4 olembedwa kale mbali imodzi. Pepala lodula limaumitsa dzanja chifukwa mtima umakhala pa kuopa kuliwononga. Cholembera chikhale chofewa, pensulo ya 4B kapena 6B, kapena khala la pambaula limene silikanda pepala. Chofufutira chisiyeni m'chikwama. Khalaninso ndi bolopeni yofiira, koma nthawi yake isanakwane musaigwire.

Pensulo musaigwire ngati mukulemba mayeso. Kagwiridwe kameneko kamayendetsa zala zokha, ndipo zala zimatulutsa timizere tatifupi todukaduka. Igwireni chogona, kunsi kwa chikhatho, pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, kuti mzere uzichokera paphewa ndi pachigongono.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kagonedwe ka pepala. Mukaligoneka patebulo, kumtunda kwake kumatalikirana ndi diso lanu ndipo kumaoneka kofupika. Dzanja limabwezera mosadziwa potalikitsa zimene zili kumtundako, ndiye mukadzalinyamula pepalalo mupeza mutu ndi chifuwa zatalika, miyendo yatsalira. Panani pepala pathabwa kapena pakatoni yolimba, mulitsamiritse m'mphepete mwa tebulo kapena pamawondo, liyang'anizane ndi nkhope yanu.

Wojambulidwa wabwino koposa ndi munthu wamoyo, mnzanu kapena m'bale wanu atavala kabudula ndi vesiti kuti mawondo ndi mapewa zizioneka. Akasowa, pa intaneti pali masamba monga Line of Action ndi Quickposes amene amasintha okha zithunzi nthawi imene mwasankha ikakwana. Ngati bandulo ili yovuta, sungani m'foni zithunzi za osewera mpira, ankhonya, othamanga ndi ovina, n'kutchera alamu.

2. Masekondi 5 oyamba musalembe kanthu

Yang'anani, mudzifunse mafunso awiri. Loyamba: munthuyu akuchita chiyani? Yankho likhale liwu limodzi, monga akuponya, akukoka, akudikira, akupumula. Kungoti "waima" sikukwanira, chifukwa msilikali wa pa perete ndi munthu amene watopa pamzere wa kuchigayo onse aima, koma misana yawo ikunena zosiyana. Lachiwiri: kulemera kwake kuli pa mwendo uti?

Ngati kaimidweko sikakumveka, dzukani muchite zimene iye akuchita. Mudzamva nokha mbali imene ikukokeka, mbali imene yapanikizika, ndi phazi limene lakanikiza pansi. Pamasekondi 30, kupereka 5 ku kuyang'ana kumaoneka ngati kutaya, koma 25 otsalawo mumawagwiritsa ntchito mukudziwa kumene mukupita.

3. Madontho atatu ndi mzere umodzi

Ikani kachizindikiro kumtunda kwa pepala pamene padzakhale nsonga ya thupi, ndi kena kumunsi pamene padzakhale phazi lotsikitsitsa. Siyani malo pang'ono m'mbali zonse. Kenako ikani kachitatu pakati penipeni, ndipo yang'anani kuti pa wojambulidwayo n'chiyani chili pakati pa nsonga ndi pansi. Akakhala ataima chilili, pamakhala m'chiuno. Akakweza manja, pakati pamakwera kufika kumchombo kapena kupitirira. Akanjuta, mwina ndi mawondo. Zimenezi zimatenga masekondi awiri kapena atatu, koma zimathetsa vuto lofala kwambiri la ojambula oyamba, loyamba ndi mutu waukulu n'kumatsika, malo n'kutha miyendo isanathe.

Tsopano kokani mzere umodzi wautali, wosadukiza, umene ukunena za thupi lonse. Nthawi zambiri umayamba kumutu, kutsata msana, n'kutsikira m'mwendo umene wanyamula kulemera. Nthawi zina umachokera kunsonga za zala za dzanja lokwezedwa mpaka kuchidendene cha mwendo wa mbali inayo, monga pa wosewera mpira wamanja amene akudumphira mpira. Mzerewu umakhala wopindika ngati C, wokhota kawiri ngati S, kapena wowongoka. Ojambula makatuni amaudalira kwambiri, ndipo n'chifukwa cha kufuna mayendedwe enieni kuti mu 1932 situdiyo ya Walt Disney inayambitsa makalasi ojambula anthu amoyo, mphunzitsi wake ali Don Graham.

Upindeni kuposa mmene mukuonera. Maso ndi dzanja zimakonda kuwongola zinthu: munthu wowerama kwambiri amatuluka wowerama pang'ono, wowerama pang'ono amatuluka woima njo. Chilichonse chimene mudzawonjezere pamwamba pa mzerewu chidzauwongolanso pang'ono. Mukayamba mwapinda mopitiriza, mumathera pafupi ndi choonadi.

4. Mutu, chifuwa, chiuno

Thupi lili ndi zigawo zitatu zolimba zimene sizisintha kwenikweni maonekedwe ake: chigaza, chifuwa chimene chazingidwa ndi nthiti 12 mbali iliyonse, ndi mafupa a m'chiuno. Zimene zimapindika ndi zolumikiza zake, khosi lokhala ndi mafupa 7 ndi msana wa kumunsi wokhala ndi mafupa 5. Mayendedwe a thunthu la munthu ndi nkhani ya mmene zigawo zitatuzi zapendekekera ndi kupotokera, china poyerekeza ndi chinzake.

Pamzere wanu uja, yambani ndi chifuwa, osati mutu. Chijambuleni chozungulira motalikirapo, chopapatiza kumtunda. Pansi pake ikani chiuno, chachifupi ndi chotakata. Mpata wa pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno ndi wochepa kuposa mmene ambiri amaujambulira. Gwirani m'mbali mwanu, mupeza kuti mukulowa zala zochepa chabe. Anthu ojambulidwa ndi thunthu lalitali mopitirira nthawi zambiri atalikitsidwa pamenepa. Mutu ubwere pomaliza, ndipo ukhale waung'ono kuposa mmene mtima ukufunira. Nkhope musaikemo. Mzere umodzi wotsika pakati pa nkhope ndi wina wopingasa pamene pali maso, pakati penipeni pa mutu, zikukwanira kusonyeza kumene munthu akuyang'ana.

Kenako kokani mizere iwiri yopingasa, wina wolumikiza mapewa, wina wolumikiza nsonga ziwiri za mafupa a chiuno zimene mumazimva kutsogolo, pamene pamadutsa lamba. Munthu akatsamira mwendo umodzi, chiuno chimakwera mbali ya mwendo umenewo ndipo phewa la mbali yomweyo limatsika. Mizere iwiri ija imayandikana mbali imodzi n'kutalikirana mbali inayo. Osema a ku Greece anazindikira zimenezi kalekale. Chosema cha mnyamata wonyamula mkondo chimene anasema Polykleitos, cha m'ma 440 Yesu asanabadwe, chimaphunziridwabe lero chifukwa cha kaimidwe kameneka, ngakhale kuti chenicheni cha mkuwa chinatayika ndipo zimene zilipo n'zokopera za Aroma. Mbali imene mizere yayandikana, mnofu umakhwinyata, ndipo pamenepo mzere wanu uthyoke. Mbali inayo khungu latanuka, mzere ukhale umodzi wautali wosalala. Mukajambula mbali zonse ziwiri mofanana, munthu amauma pomwepo.

Poona munthu cham'mbali, zigawozi sizisanjikizana chowongoka. Khosi limaloza kutsogolo, chifuwa chimagonera kumbuyo, chiuno chimapendekekera kutsogolo. Chiunocho chiganizireni ngati beseni lodzaza madzi, ndipo dzifunseni kuti madziwo akutayikira kuti: kutsogolo, kumbuyo, kapena kumbali. Mukayankha funso limeneli, miyendo imadziwa kochokera.

5. Munthuyo asagwe

Pezani kadzenje ka pakhosi, pamene mafupa awiri a m'munsi mwa khosi amakumana, mutsitse mzere wowongoka kuchoka pamenepo kufika pansi. Ngati munthu waima pa miyendo yonse iwiri mofanana, mzerewo ugwera pakati pa mapazi. Ngati watsamira mwendo umodzi, ugwera paphazi la mwendo umenewo kapena pafupi kwambiri nalo. Chithunzi chimene chikuoneka ngati munthu akufuna kugwa, simukudziwa chifukwa chake, kawirikawiri phazi lonyamula kulemera laikidwa kutali ndi mzerewu. Lisuntheni phazilo, musakonze china chilichonse, muone kusintha kwake.

Katundu amasintha zonse. Wonyamula chidebe cha madzi kudzanja lamanja amapendekera kumanzere, mkono wamanzere n'kutalikirana ndi thupi. Mayi wobereka mwana amaweramira kutsogolo pang'ono. Wosenza ndowa pankhata amawongola khosi ndi msana, mayendedwe onse n'kutsikira m'chiuno. Katunduyo mujambuleni limodzi ndi chifuwa, osati pomaliza ngati chokongoletsa, chifukwa ndiye akufotokoza kaimidweko. Wothamanga ndi wodumpha okha ndiwo amaloledwa kutuluka mumzerewu, popeza iwo akugweradi kutsogolo ndipo phazi lotsatira ndilo liwalandire.

6. Miyendo ndi mikono

Yambani ndi mwendo wonyamula kulemera, ndipo ukokeni ndi mzere umodzi kuchoka m'chiuno kufika pansi musanaganize za ntchafu kapena bondo. Ikani phazi nthawi yomweyo, ngakhale kakhale kachinthu ka nsonga zitatu kosonyeza kumene likuloza. Munthu wopanda mapazi alibe poima, ndipo muyeso wa miyendo yake sungaweruzidwe. Onaninso kuti mapazi awiri kawirikawiri sakhala pamzere umodzi papepala: lomwe lili pafupi nanu limatsika, lakutali limakwera.

Fupa la ntchafu siliima chowongoka. Limachokera kunja kwa chiuno n'kulowera mkati popita kubondo. Minofu nayo siikhala moyang'anizana: katumba wa kunja kwa mwendo amatukuka pamwamba, wa mkati amatukuka m'munsi, pamene pa akakolo zimatembenuka, fupa la mkati ndilo lili pamwamba. Choncho musajambule mwendo ndi mizere iwiri yotukukira kunja pamalo amodzi. Kukhota kwa mbali imodzi kuyankhidwe ndi kwa mbali inayo chakumunsi pang'ono. Mikono ichokere paphewa ndi mzere umodzi mpaka kunsonga za zala. Zala musawerenge, dzanja lonse likhale chinthu chimodzi.

Pofika apa masekondi 30 atha. Ngati mwangofika pa chifuwa ndi chiuno, palibe vuto, pitani pa chithunzi chotsatira.

7. Miyeso yoyenera kukhala m'mutu

Iyi muiphunzire padera, mutakhala pansi, kuti pojambula mwachangu isamafune kuganizira.

Ojambula amayeza thupi ndi kutalika kwa mutu, kuchoka pachibwano kufika paliwombo. Vitruvius, katswiri wa zomanga wa ku Rome, analemba zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti mutu ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a msinkhu wa munthu, ndiponso kuti munthu akatambasula manja, kuchoka kunsonga ya chala kufika kunsonga inayo kumafanana ndi msinkhu wake. Cha m'ma 1490 Leonardo da Vinci anajambula zimenezi pa chithunzi chotchuka cha munthu woima mkati mwa bwalo ndi bokosi, chimene chimasungidwa ku Gallerie dell'Accademia mumzinda wa Venice. Muyeso wa mitu 8 ndi wosavuta kuloweza chifukwa magawo ake amagwera pamalo odziwika: woyamba uthera pachibwano, wachiwiri pansonga za mawere, wachitatu pamchombo, wachinayi m'mphechepeche, wachisanu pakati pa ntchafu, wachisanu ndi chimodzi kunsi kwa bondo, wachisanu ndi chiwiri pakati pa msongolo, womaliza pansi.

Koma anthu ambiri amene mudzakumane nawo sali mitu 8. Ali pakati pa mitu 7 ndi 7 ndi theka. Mukakakamiza mitu 8 pa aliyense, agogo anu ndi wogulitsa tomato pamsika onse adzatuluka ndi thupi la wothamanga wa pa Olympics, ndipo chimene chinawapanga kukhala iwowo chidzasowa. Muyesowu ntchito yake ndi kukupatsani poyambira kuti muone mmene munthu uyu wasiyanirana nawo: uyu miyendo yake ndi yaifupi, uyu khosi n'lalitali, uyu mapewa n'ngopapatiza.

Ine ndimaona kuti pojambula mwachangu kuwerenga mitu n'kochedwetsa, ndipo kugawa pakati n'kothandiza kwambiri. Pakati pa munthu wamkulu woima ndi pafupa la pachinena, mulingo umodzi ndi mafupa amene mumawamva m'mbali, kumtunda kwa ntchafu, pamene pamakhala matumba a thalauza. Miyendo ndi theka la munthu yense. Pakati pa malo amenewo ndi pansi ndi kunsi kwa bondo. Mkono utalendewera, chigongono chimakhala pothera nthiti, polumikizira dzanja pamafika pakati pa thupi paja, ndipo nsonga za zala zimafika chapakati pa ntchafu. Dzanja limatalika pafupifupi ngati nkhope, kuchoka pachibwano kufika poyambira tsitsi; ikani chikhatho kumaso kwanu muone. Phazi limatalika pafupifupi ngati mkono wa kumunsi, kuchoka pachigongono kufika polumikizira dzanja. Pafupifupi aliyense woyamba amachepetsa manja ndi mapazi, chifukwa n'zovuta kujambula ndipo dzanja limafuna kuzithawa. Munthu wokhala tsonga pampando amakhala pafupifupi mitu 4 kuchoka paliwombo kufika pampandopo.

Ana ali ndi muyeso wawo. Khanda ndi pafupifupi mitu 4, ndipo pakati pa thupi lake ndi chapamchombo. Mwana wa zaka 5 kapena 6 amakhala mitu 5 ndi theka kapena 6. Mukamujambula ndi muyeso wa wamkulu n'kungomuchepetsa, mupeza bambo wamfupi, osati mwana.

8. Kuyeza ndi pensulo, pa zithunzi za mphindi 2 kupita m'tsogolo

Pamasekondi 30 musayeze. Nthawi ikafika mphindi 2 kapena 5, chitani zonse za pamwambazi mopepuka m'masekondi 30 oyamba, kenako imani muyeze. Tambasulani mkono wonse, chigongono chisapindike, tsinzinani diso limodzi, nsonga ya pensulo ikhale paliwombo la wojambulidwa, chala chachikulu chitsetsereke mpaka pachibwano. Muyeso umenewo uyendetseni pathupi. Chigongono chikapindika kapena mutu wanu ukasuntha, muyeso wasintha, yambiraninso.

Kupendekeka kumayezedwanso ndi pensulo yomweyo. Igonekeni molingana ndi mapewa kapena ntchafu, muibweretse papepala osapotoza dzanja. Iimikeni chowongoka muone zimene zili pamzere umodzi: kodi chibwano chili pamwamba pa bondo liti? Igonekeni chopingasa: kodi chigongono chili mulingo umodzi ndi chiyani? Yang'ananinso mipata, monga kampata ka pakati pa mkono wogwira m'chiuno ndi thupi, kapena ka pakati pa miyendo. Ubongo uli ndi maganizo ake a mmene mkono uyenera kuonekera, koma ulibe maganizo alionse pa kampata, ndiye kampatako mumakaona mmene kalili.

Izi ndizo zimakupulumutsani chiwalo chikaloza kwa inu. Ntchafu ya munthu wokhala moyang'anizana nanu ingaoneke yaifupi kuposa mutu wake. Miyeso yoloweza ija apa siigwira ntchito, ndipo mtima umakuuzani kuti muitalikitse chifukwa mukudziwa kuti ntchafu ndi yaitali. Khulupirirani pensulo. Ikani bondo pamene lili poyerekeza ndi mchombo ndi mapewa, chapafupi chiphimbe chakutali.

Chenjeraninso ndi zithunzi za pafoni. Zojambulidwa pafupi zimakuza chimene chayandikira kamera, ndipo zojambulidwa wogwira foniyo ataimirira, foni ili kumaso kwake, zimakuza mutu n'kufupikitsa miyendo. Mukamajambula mnzanu kuti mudzaphunzirirepo, bwererani mamita atatu kapena anayi, foni ikhale mulingo wa mchombo wake, yoima chowongoka.

9. Bolopeni yofiira

Gawo ili ndilo ambiri amalidumpha, ndipo popanda ilo zonse zija zimangokhala kulimbitsa dzanja. Mukamaliza, yalani zithunzi zanu pansi, mubwerere m'mbuyo masitepe angapo. Sankhani zitatu kapena zinayi, mutsegulenso zithunzi zimene munkaonera, ndipo tsopano yezani mosathamanga. Pa chojambula chanu, pezani pakati pa msinkhu ndi bolopeni yofiira: kodi pagwera pamene payenera? Werengani mitu pa chanu ndi pa choonera. Tsitsani mzere kuchoka pakadzenje ka pakhosi. Yerekezani kupendekeka kwa mapewa ndi chiuno. Pamene pasiyana, jambulani chokonza chofiira pamwamba pa chakale, osafufuta, kuti kusiyanako kuoneke. Kuona chithunzi pagalasi, kapena kutembenuza pepala n'kuliunika padzuwa, kumaulula kupendekeka kumene diso linazolowera.

Pambali pa chilichonse lembani mawu awiri kapena atatu: miyendo yaifupi, mutu waukulu, msana wawongoka, phazi lili kutali. Pakapita masiku ochepa mudzaona kuti simulakwitsa zinthu zambirimbiri. Pali chimodzi kapena ziwiri zimene zikubwerezabwereza. Chimenecho ndicho chizolowezi cha dzanja lanu, ndipo ndicho chokha mukachiganizire mawa. Ngati ndi miyendo yaifupi, italikitseni dala mpaka izioneka yopitirira. Mukadzayeza mudzapeza kuti yangokwanira, chifukwa diso lanu linali litazolowera yaifupi ngati yolondola.

Kenako tengani choipitsitsa mwa zimene mwakonza, muchijambulenso pa nthawi yomwe ija, masekondi 30 ngati chinali cha masekondi 30. Mukachijambula mwapang'onopang'ono mudzachikhoza, koma dzanja lothamanga silidzaphunzirapo kanthu.

Auguste Rodin, wosema wa ku France, ankalola ojambulidwa ake kuyendayenda momasuka, iye n'kumajambula maso ali pa iwo, osayang'ana pepala. Mizere ina inkatuluka m'pepala, manja ena ankakula mopitirira. Pambuyo pake ankasankha zina mwa zojambulazo n'kuzikopera papepala lina mwaukhondo. Kugwira mayendedwe ndi kukonza zinali ntchito ziwiri, pa nthawi ziwiri.

10. Zovala, ndi anthu amene sakuimirirani

Kunja kuno anthu avala, ndipo chitenje kapena siketi yaitali zimabisa miyendo yonse. Musayambe ndi nsalu. Pezani pamene yamangidwa, chifukwa pamenepo pakukuuzani kupendekeka kwa chiuno. Pezani mapazi. Lumikizani chiuno ndi mapazi ndi mizere yopepuka ngati nsaluyo palibe, bondo likhale pamene muyeso ukunena. Mukatero yang'anani pamene nsalu yakokeka: makwinya amachokera pamalo amene thupi likukankha, monga bondo lopindika, thako kapena phewa. Awiri kapena atatu otere akukwanira. Maluwa a pachitenje asiyeni.

Pa anthu oyenda, yambani ndi ntchito zobwerezabwereza: wopopa mjigo, wosinja mumtondo, wolima ndi khasu, wochapa, wa kabaza amene akukwera chitunda. Thupi limabwerera pamalo omwewo masekondi angapo alionse. Sankhani mphindi imene lafika pothera, munsi uli pamwamba penipeni kapena khasu litangolowa m'dothi, chifukwa pamenepo mzere uja umaoneka bwino. Yang'anani maulendo atatu kapena anayi osalemba, kokani mzere, dikirani abwererenso, ikani chifuwa ndi chiuno, dikiraninso. Akachoka musanamalize, siyani pomwepo, musamalizitse ndi zongoganizira. Osewera bawo ndi odikira basi kudepoti amakhala nthawi yaitali osasuntha kwambiri, ndipo ndi abwino pophunzira kuyeza. Ngati mwakhala pafupi ndi munthu, mupempheni kaye, ndipo ana musawajambule makolo awo asanavomere.

Theka la ola, tsiku ndi tsiku

Yambani ndi zithunzi 10 za masekondi 30, madontho atatu, mzere, ndi zigawo zitatu basi. Zitsatire 5 za mphindi imodzi, zokhala ndi miyendo, mikono ndi mapazi. Kenako 5 za mphindi 2, mukuyeza kamodzi kapena kawiri pa chilichonse, ndi chimodzi cha mphindi 5. Mphindi 5 zomaliza n'za bolopeni yofiira ndi kubwereza chimodzi. Tsiku limene nthawi yachepa, chotsani zithunzi za mphindi 2, koma za bolopeni yofiira zikhalepo.

Lembani deti papepala lililonse ndipo musataye ngakhale oipa. Pamwamba pa pepala la tsiku lotsatira lembani cholakwika chimodzi chimene mukulimbana nacho. Chikasiya kuoneka m'mawu ofiira kwa sabata yathunthu, werenganinso mapepala a sabata imeneyo, mupeze chimene tsopano chikubwera kawirikawiri, mulembe chimenecho m'malo mwake.